Kagalu Kotchedwa Usabwerenso

"Ine galu sanandiferepo m'manja, madala. Wa azungu, wa apolisi, onse ndimadzutsa. Kameneka mungondipatsa lezala ndi mphindi zisanu."

Anali Dan akuyankhula pakhonde, ndipo Brenda ankamva zonse ali kuseri kwa nyumba, manja ali m'beseni la zovala. Anangofinya malaya a amalume ake mpaka batani linathothoka. Aliyense mu Area 5 ku Machinjiri ankadziwa kuti Dan anagwira ku kampani ya alonda masabata awiri okha, ndipo ntchito yake inali yotsegula geti kuti galimoto ya agalu idutse. Zoti galu sanamuferepo m'manja zinali zoona ndithu. Anali asanagwirepo galu.

Koma a Fletcher Namaona, amalume ake a Brenda, ankagwedeza mutu ngati akumvera dokotala wamkulu. A Namaona anapuma ntchito zaka zitatu zapitazo. Mukawafunsa kumene ankagwira amangoti "ku banki", osawonjezera zoti ankanyamula makalata ndi kuwiritsa tiyi. Ndi iwo analera Brenda mchemwali wawo atamwalira, choncho mwamuna aliyense wofuna mtsikanayu ankayenera kudutsa pakhonde pawo.

Wahabu, mnyamata wa ku Ndirande amene anali pachibwenzi ndi Brenda chaka chathunthu, anayesa kudutsapo mwezi wathawo. Anabwera atatchena, kudzapempha tsiku loti abwere ndi akwawo. A Namaona anamufunsa dzina kawiri, kumene amapemphera kamodzi, kenako anamusiya chiimire padzuwa, mpando wa alendo uli pomwepo wopanda munthu. M'mawa mwake a Namaona anakwera minibasi mpaka pa Kameza n'kubwerako ndi kagalu m'katoni. Wogulitsayo anawauza kuti ndi Jemani Shefadi. Makutu ake ankanena zina.

Nzeru yake inali yoti wina anawauza kuti Msilamu salowa pakhomo pamene pali galu. Ndipo monga amachitira anthu akafuna kutukwana mnzawo popanda kupalamula mlandu, mawu awo anawabisa m'dzina la galuyo. Anakatcha Usabwerenso. Wahabu akangotulukira pamsewu, a Namaona ankaimirira pakhonde n'kuyamba kuitana galu wawo mokweza, ngakhale kagaluko kali pamapazi awo pomwepo.

Wahabu anamva kawiri. Kachitatu sanadutsenso msewu umenewo.

Tsopano mlonda wa miyendo inayiyo anali atagona m'katoni yake tsiku lachitatu osalawa kanthu. Kanayamba ndi kusanza, kenako kutsegula m'mimba. Kamimba kanatupa ngati mpira, nthiti zikuwerengeka. A Namaona anakaikira mkute, mafupa, ngakhale chibenthu cha sikono yawo, koma kankangotembenuzira mutu kumbali.

"Ndi nyongolotsi ya pansi pa lilime," anatero Dan. "Ikakula galu sadya. Timangocheka pang'ono, kuisolola, basi. Madzulo ano kakhala kakuuwa."

Brenda anatulukira akupukuta manja pachitenje.

"Amalume, mulola munthu acheke lilime la kamwana aka ndi lezala yometera ndevu?"

"Iwe za agalu ukuzidziwira kuti? Mnzathuyu ndi katswiri."

Dan anagwada n'kutambasula dzanja mochenjera ngati akuba nyama pamoto. Kagalu kanatsegula diso limodzi n'kutulutsa kamawu kochepa kuposa ka mbewa. Katswiriyo anadumphira chambuyo mpaka kugubuduza ndowa.

"Yandiona," anatero akudzisasa fumbi. "Yathawira kukhosi. Lero sizitheka. Ndiyamba ndakapatsa mankhwala anga kuti ikwerenso."

Phokoso la ndowa linaitana anthu. Amayi a Betty, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda. Abambo awiri osewera bawo pansi pa mango anasiya masewera awo. A Namaona akaona anthu opitirira atatu amamva ngati apemphedwa kuti ayankhulepo.

"Mumve nonse. Ine Namaona sindinabwezepo mawu, ngakhale ku banki amadziwa. Amene adzutse galu wangayu apemphe chimene akufuna pakhomo pano, ndipereka."

"Chilichonse, madala?" anafunsa Dan, maso ali pa Brenda.

"Chilichonse."

"Tamva ife," anatero amayi a Betty, amene sanaiwalepo kanthu kamene anamvera pampanda.

Brenda ananyamula katoni ija osapempha. Mpaka tsiku limenelo sankadziwa kuti pakhomopo iye amawerengedwa pamodzi ndi wailesi ndi mipando.

* * *

Panali patatha masabata awiri Wahabu asanamulembere, ndipo Brenda anali atalumbira kuti sadzayamba ndiye. Anakhala m'kakhitchini ka kuseri, katoni pamiyendo, n'kuyamba ndiye.

"Kagalu kakufa."

Yankho linabwera patatha mphindi khumi, zimene Brenda anaziwerenga zonse.

"Pepani. Mundipepesereko kwa eni maliro."

"Wahabu, sindikuseka."

"Inenso sindinaseke pamene ankandiitanira galu msewu wonse ukumva. Iwe unali pawindo. Unangotseka katani."

"Umafuna nditani? Ndiwamenye amalume?"

"Unene mawu amodzi okha."

"Mawu ndinanena m'nyumba mpaka sitinayankhulane masiku atatu. Sunamve chifukwa unali kalikiliki kujambulitsa ndi Hidaya ku ukwati. Chithunzi ndinachiona. Mitu pafupipafupi ngati nkhunda."

"Hidaya anamuimika pamenepo ndi amayi."

"Ndiye amayi ako ali ndi luso."

Kenako Brenda anajambula kagaluko n'kutumiza, nalemba za lezala ndi za lonjezo la amalume. Foni inalira asanaiike pansi.

"Lezala?" anatero Wahabu osapereka moni. Iye anagwirapo zaka ziwiri pa shopu ya mankhwala a ziweto ku Limbe, ndipo sankazinena kwa wina aliyense. "Chimene akufuna kusololacho si nyongolotsi, ndi mnofu wake womwe. Galu aliyense ali nawo. Tsina khungu la pamsana, ulisiye. Labwerera?"

"Langoima."

"Tukula mlomo. Nkhama zikuoneka bwanji?"

"Zoyera ngati ufa."

"Madzi atha m'thupi. Kakatere sikafika mkuja. Undipeza pa siteji, tipite nako kwa dokotala wa ziweto."

"Ndimayesa anakuuza kuti usabwerenso."

"Sindikubwerera iwowo."

"Ndiye ukubwerera ndani?"

"Galu," anatero Wahabu, n'kudula foni. Brenda anaiyang'ana foniyo atakwiya, koma anasintha bulauzi.

* * *

Dokotala anati kagaluko kanachotsedwa kwa make nthawi isanakwane, ndipo m'mimba munadzaza njoka. Anakabaya jakisoni, kukapatsa mankhwala, n'kulemba zochita papepala. Brenda atafunsa ngati kalidi Jemani Shefadi, dokotalayo anayang'ana makutu aja nthawi yaitali, n'kunena kuti iye ku Jemani sanapiteko.

Ntchito yeniyeni inayambira m'kakhitchini. Madzi owiritsa, shuga pang'ono ndi kamchere, kuthira pambali pa kamwa ndi sirinji yopanda singano, madontho ochepa ola lililonse. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'juzi yakale, kuti kagonere. Mkaka ayi, mafupa ayi, sikono ayi. Kakasiya kusanza, msuzi wa nkhuku wopanda mafuta ndi mpunga wofewa kwambiri.

A Namaona amapita ku bawo 2 koloko iliyonse, ndipo sabwerako asanagonje katatu. Nthawi imeneyo Wahabu ankalowera kwa amayi a Betty n'kudutsa pa lata logwedera la mpanda. Amayi a Betty ankamutsegulira okha lata lija, akunena kuti iwo za eni salowerera.

Asanagwire kagaluko, Wahabu ankavala majumbo awiri m'manja n'kuwamanga ndi mphira.

"Amalume amati Msilamu sayandikira galu," anatero Brenda akumupatsa sirinji.

"Amalume ako anamva theka la nkhani, theka linalo anapeka okha. Malovu a galu kwa ife ndi najisi, ndiko kuti uve. Akandikhudza ndimasamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. M'nyumba sitigona naye. Koma palibe shehe anandiphunzitsa kuti ndizionerera chamoyo chikufa ndi ludzu."

"Ndiye anataya nthawi yawo pa Kameza."

"Akanandifunsa ndikanawauza. Chondithamangitsa ndi mpando uja, osati galu." Anatukula kamutu kaja ndi zala ziwiri. "Imwa, iwe... Aaa. Dzina lakeli sindingalitchule."

"Ine ndimakaitana Usa."

"Usa chiyani? Usadye? N'chifukwa chake kakukana."

Brenda anaseka koyamba m'masabata awiri, kenako anakumbukira kuti akadali wokwiya.

"Hidaya amaphika bwino?"

"Bre, gwira mutu wa galu."

Dan naye sanagone pantchito. M'mawa uliwonse ankabwera pakhonde kudzapereka lipoti kwa a Namaona. Anasiya botolo la madzi akuda onunkha palafini, nalamula kuti Brenda azikamwetsa madontho atatu. Brenda anathira mankhwalawo pa una wa nyerere kuseri kwa bafa. Nyerere zinasamuka tsiku lomwelo.

"Mwaona, madala? Kasiya kusanza," anatero Dan tsiku lachiwiri. "Ndikamachiritsira patali ndimatero ine."

Koma tsiku lachitatu anabwera masana mosayembekezeka. Atazungulira kuseri anaona kachisoti koyera ka Wahabu kakuzimiririka pa lata logwedera lija. Anangoima akuluma chala, kenako anakakwera minibasi ya ku Ndirande, kumene analibe m'bale aliyense.

* * *

Tsiku lachinayi kagaluko kanali katasiya kusanza, koma chakudya kankakanabe. Brenda anaika mbale pamphuno pake, iko kanatembenuka. Wahabu anatapa mpunga ndi chala chake cha m'jumbo, iko kananunkhiza n'kubisa mphuno m'juzi.

"Dokotala anati kakapanda kudya lero tibwerere nako," anatero Brenda. Mawu ake anali atatsika. "Ndakayeretsa, ndakasinthira nsanza, ndanunkha nako masiku anayi. Kakafa Dan anena kuti ndakapha ndi ine chifukwa sindinamulole kucheka. Kakachira anena kuti ndi botolo lake, n'kupempha ine ngati mbuzi ya pa mpikisano. Ndiye ndipempherere ziti?"

"Sangakutenge iwe osafuna."

"Sanganditenge, koma amalume akamulonjeza pamaso pa anthu, iwe sadzakutsegulirako mpaka kufa. Ukuwadziwa."

Wahabu anayang'ana kagaluko, n'kuyang'ana manja ake.

"Ndi jumboyi. Kakumva fungo la pulasitiki."

Anamasula mphira, kuvula jumbo, n'kuviika chala m'msuzi wofunda. Anapaka pang'ono pamphuno pake n'kudikira. Kalilime kanatuluka kukanyambita mphuno. Kanatulukanso. Kachitatu kanapeza chala cha Wahabu, n'kuyamba kuchinyambita mwakhama, mpaka m'mphako za zala. Wahabu anatsitsa chalacho pang'onopang'ono mpaka m'mbale, kamutu kakutsatira. Kenako munamveka kaphokoso kamene Brenda anakadikira masiku onsewo: *lapu, lapu, lapu*.

Kamchira kanagwedera kawiri.

Wahabu anatuluka panja, Brenda akumuthirira madzi ndi kapu. Anatapa dothi pafupi ndi mpanda n'kutikita m'manja, kenako madzi, kenako madzi, akuwerenga chamumtima. Brenda ankawerenga naye. Pofika kachisanu ndi chiwiri, nkhani ya Hidaya inali itamuchokera m'mutu, mwina mpaka Lolemba.

* * *

Loweruka masana Usabwerenso anatuluka yekha m'katoni, kudzandira mpaka pakhonde, n'kukodzera nsapato ya a Namaona. Eni nsapato anasangalala ngati akwezedwa pantchito. Anaitana a bawo aja, amayi a Betty ndi amayi ena atatu ochokera kumpopi. Dan anafika atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

"Ine Namaona," anayamba a Namaona, "ndinalonjeza pamaso panu. Mnyamata uyu..."

"Uti?" anafunsa amayi a Betty.

"Uyu, Dan."

"Dan wachita chiyani? Wapha nyerere?"

Brenda analowa m'khitchini n'kubwera ndi pepala la dokotala, sirinji ndi botolo la Dan lopanda kanthu. Anaziyala pakhonde chimodzichimodzi.

"Amalume, mankhwala a Dan sanalowe m'kamwa mwa galu wanu ngakhale dontho. Anapita naye kwa dokotala ndi Wahabu. Wamumwetsa masiku anayi ndi Wahabu. Wadya koyamba pa chala cha Wahabu, amene inu munamugulira galuyu kuti mumutukwane naye."

"Bodza!" anakuwa Dan. "Msilamu agwire galu? Madala, akufuna kundibera ntchito yanga awa."

"Ndiye m'nyamule," anatero mmodzi wa a bawo. "Wodwala amadziwa dokotala wake."

Dan anawerama. Kagalu kananunkhiza nsapato yake, kutsokomola ndi fungo la palafini, n'kubwerera chambuyo kakuuwa. Aka kanali koyamba kuuwa m'moyo wake wonse, ndipo Dan anakalemekeza poima kuseri kwa a Namaona.

Nthawi yomweyo Wahabu anaima pageti, osati pa lata logwedera. Brenda anali atamulembera kuti lero alowere kumene amalowera anthu. A Namaona atamuona, pakamwa panatsogola mutu monga mwa chizolowezi.

"Usabwerenso!"

Kagalu kanadzutsa makutu, kuyang'ana woitanayo, n'kuthamanga modzandira kudutsa bwalo lonse mpaka pamapazi a Wahabu. Kanagwa chagada, mchira ukusesa fumbi.

Amayi a kumpopi aja anawomba m'manja. A Namaona anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe thandizo.

"Munati simubweza mawu," anatero amayi a Betty. "Ngakhale ku banki amadziwa."

A Namaona anakonza kolala. "Pempha, mnyamata."

"Bambo, Brenda sindingamupemphe pa galu. Si katundu wa pakhomo pano, ndipo anandiyankha kale yekha. Ine ndikupempha mpando uja. Ndikhale pansi ngati munthu, mundiuze tsiku loti akwathu abwere."

Mpandowo unali patali mapazi atatu okha, koma a Namaona anayenda ulendowo ngati akukwera phiri la Ndirande. Anaunyamula okha, kuupukuta ndi mpango wawo, n'kuuika pamthunzi.

"Khalani, bambo Wahabu. Akwanu abwere Loweruka likudzali. Ndinaona kale kuti ndinu mnyamata wanzeru, ndimangokuyesani."

"Tamva ife," anatero amayi a Betty.

Wahabu anakhala. Kagalu kanakwera mwendo wake n'kumunyambita dzanja, anthu akuseka. Brenda anaphimba nkhope ndi chitenje kuti amalume asaone mano ake.

"Akwawo abwera kale."

Mawuwo anachokera pageti. Panaima mayi wamtali wovala mpango wobiriwira wophimba mutu ndi mapewa, pambuyo pake mtsikana amene Brenda anamuzindikira msanga, chifukwa anali atakulitsa chithunzi chake pafoni kambirimbiri. Anali Abiti Haruna, amayi ake a Wahabu, ndi Hidaya. Dan anayamba kuwerenga mabatani a jekete yake.

Wahabu anadzuka pampando umene anauvutikira mwezi wathunthu.

"Amayi, mwadziwa bwanji kuno?"

"Anatipeza mnyamata wachifundo, uyo wa jekete. Anati mwana wanga akumalowera pa lata ngati wakuba, kukatumikira galu wa eni. Ndinati ndikaone ndekha." Anayang'ana dzanja lonyambitidwa lija. "Zimenezo n'zochepa, madzi ndi dothi zilipo. Chamoyo ndi chamoyo. Koma ndili pamsewu ndamva bambo awa akukuwa. Amauza ndani kuti asabwerenso?"

"Ndi dzina la galu chabe, mayi," anatero a Namaona akumwetulira. "Mayina a agalu, mukudziwa, timangotola."

"Ine ndakulira pakati pa anthu, bambo. Dzina la galu silitoledwa. Limakhala ndi mwini wake. Mwini wa ili ndani?"

Onse anayang'ana amayi a Betty, amene anayesetsa ndithu kudziletsa, mpaka kuluma mlomo.

"Iii, amayi, zinali zakale izo. Kungoti mwana wanuyu akamadutsa pamsewu, a Namaona amaimirira pakhonde n'kumaitana galu. Kawiri kokha. Tsiku lija anamuimika padzuwa lija panalibe galu, anali asanagule."

"Anamuimika padzuwa."

"Pang'ono chabe. Ola limodzi."

Abiti Haruna anapuma mozama. Brenda anagwada n'kuyamba kupereka moni, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Dzuka mwanawe, iwe sindinakupeze ndi mlandu. Koma mwana uyu ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira, ndikugulitsa zitumbuwa pa msika wa Ndirande. Dzina lake ndinalisankha masiku asanu ndi awiri. Lero ndimve kuti chipongwe chake chimadya mpunga, chimagona m'juzi, ndipo iye mwini ndi amene wachidzutsa? Loweruka ndidzakhale pakhonde ili, ndikupempha mkazi, galu akuitanidwa pamaso panga?"

"Tisintha dzina, mayi," anatero a Namaona msangamsanga. "Lero lomwe. Tikhoza kumutcha Takulandirani."

"Galu wazolowera kale, bambo. Msewu wonsenso wazolowera." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Tiye kwathu."

"Amayi, tamverani kaye..."

"Ndamvera zokwanira. Mpando wapatsidwa, wakhalapo, anthu aona. Ngongole yawo yatha. Tsopano undimvere ine, Wahabu, pamaso pa anthu omwewa." Analoza pansi ndi chala. "Ngati ndinakuyamwitsa ndine, pakhomo pano usabwerenso!"

Kagalu kanadzutsa makutu. Kanachoka pamapazi a Wahabu, kudutsa bwalo mchira uli m'mwamba, n'kukakhala pansi patsogolo pa Abiti Haruna, kakuwayang'ana kumaso, kudikira kuti anene chimene akaitanira.